Black Coffee: DJ wa dzanja limodzi amene adakweza nyimbo za mu Africa

Black Coffee, yemwe dzina lake lenileni ndi Nkosinathi Innocent Maphumulo, ndi DJ komanso katswiri wokonza nyimbo wa m'dziko la South Africa. Adabadwa pa 11 March 1976 ndipo m'chaka cha 2022 adakhala munthu woyamba wa mu Africa kupata mphotho ya Grammy m'gawo la chimbale cha nyimbo zovina zokonzedwa ndi makina. Ntchito yake yonse amaigwira ndi dzanja lamanja lokha, pakuti lamanzere lidapuwala pangozi ya galimoto ali ndi zaka 13.

Mbiri ya mkuluyu ikukhudza Amalawi pawiri. Nyimbo yomwe idamutsegulira khomo imakamba za amuna opita kumigodi ndipo imatchula dziko la Malawi. Komanso ntchito yomwe yamufikitsa m'mabwalo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America ndi yomweyo imene achinyamata ambiri kuno akudyera m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'malo azisangalalo, kuyambira mumzinda wa Lilongwe mpaka pa Mponela, pa Madisi ndi pa Malomo, ngakhale anthu ambiri saiwerengera ngati ntchito.

Ubwana wake

Nkosinathi adabadwira ku Durban, m'chigawo chomwe lero chimatchedwa KwaZulu-Natal. Banja la makolo ake litatha, iye adapita kukakhala ndi agogo ake aakazi ku Ngangelizwe, dera la anthu osauka mumzinda wa Mthatha ku Eastern Cape. Panthawiyo mzindawu udali likulu la Transkei, limodzi mwa madera omwe boma latsankho lidapatulira anthu akuda.

Pakhomo pa agogowo padali ng'ombe, ndipo udindo wozikama m'mamawa asadapite kusukulu udali wake. Iye mwini wakhala akunena kuti moyo wolawirira ku khola tsiku ndi tsiku ndiwo udamuphunzitsa mwambo pa ntchito. Kusukulu ankaimba kwaya, ndipo kumudzi ankatsatira msuweni wake yemwe adali ndi zida zoulutsira nyimbo pa zisangalalo. Uko ndiko adayambira kuona mmene munthu mmodzi, posankha bwino nyimbo, angadzutsire khamu lonse pamipando.

Ngozi ya mu 1990

Mu February 1990, dziko la South Africa lidatekeseka ndi chimwemwe litamva kuti Nelson Mandela atulutsidwa m'ndende atakhalamo zaka 27. Anthu a ku Ngangelizwe, monganso a m'madera ena, adakhamukira m'misewu usiku akuimba ndi kuvina. Nkosinathi adali m'gulumo pamene minibasi idalowa pakati pa anthuwo mwaliwiro. Ena adafera pomwepo, ambiri adavulala.

Mnyamatayo adapulumuka, koma mitsempha yomwe imachokera m'khosi kudutsa paphewa n'kumayendetsa mkono idawonongeka. Mkono wamanzere udalipobe, koma udasiya kumva ndi kugwira ntchito. Kwa zaka zambiri, ngakhale atatchuka kale, sankakonda kukamba za ngoziyo. Ankaimirira pamakina dzanja lamanzere lili m'thumba, moti ena ankayesa kuti ndi sitayilo chabe. Adadzayamba kufotokoza poyera za chilemacho atakula kale pantchito.

Kodi DJ amachita chiyani?

Kuti munthu amvetse kukula kwa zomwe Black Coffee adachita, ayenera kudziwa kaye ntchito ya DJ wa m'malo ovinira, yomwe ndi yosiyana ndi ya muulutsi wa pawailesi. Muulutsi amaika nyimbo imodzi, ikatha n'kulankhula, kenako n'kuika ina. DJ wa m'malo ovinira amalumikiza nyimbo zambiri kuti zimveke ngati imodzi yaitali, popanda mpata woti ovina aime.

Kutsogolo kwake kumakhala makina awiri kapena kuposerapo oseweretsera nyimbo, ndipo pakati pake pamakhala mikisa. Nyimbo imodzi ikamamveka kumasipika, iye amamvetsera yotsatira kumahedifoni, n'kumasintha liwiro lake mpaka kugunda kwa ng'oma za nyimbo ziwirizo kufanane. Zikagwirizana, amatsitsa pang'onopang'ono mawu a yoyamba uku akukweza a yachiwiri, ndipo nthawi yomweyo amachepetsa kapena kuwonjezera besi kuti zisamphane. Maso ake amakhala pa ovina, kuti aone ngati atopa, ngati akufuna nyimbo yoti aimbe nawo, kapena ngati yakwana nthawi yowakwezera moto. DJ wamba amachita zimenezi ndi manja awiri, lina pamakina lina pamikisa. Black Coffee adachita kudziphunzitsa kuti dzanja limodzi lizifika ponseponse pa nthawi yake.

Mtundu wa nyimbo zomwe amaimba umatchedwa house. Udayambira mumzinda wa Chicago ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo dzinali limagwirizanitsidwa ndi malo ovinira otchedwa Warehouse, kumene DJ wina wotchuka, Frankie Knuckles, ankaimba. Nyimbo za house zimadziwika ndi ng'oma yaikulu yogunda mosadukiza, nthawi zambiri maulendo oposa 120 pamphindi. Zitafika ku South Africa, achinyamata a m'makomboni adazichepetsa liwiro n'kuikamo zilankhulo zawo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 padabadwa kwaito. Amapiano, omwe lero akumveka m'minibasi ndi m'mabala a m'Malawi muno, ndi mdzukulu wa banja lomweli.

Sukulu ndi chiyambi cha ntchito

Atamaliza sekondale, Nkosinathi adabwerera ku Durban kukaphunzira nyimbo za jazz pa Technikon Natal, sukulu yomwe pambuyo pake idaphatikizidwa ndi ina n'kukhala Durban University of Technology. Maphunzirowo sadawamalize, komabe adatulukako akudziwa kuwerenga nyimbo, kusanja mawu ndi kumanga nyimbo kuchokera pansi, luso lomwe ma DJ ambiri alibe.

Pasukulupo adakumana ndi anzake awiri, Mnqobi Mdabe wodziwika kuti Shota ndi Thandukwazi Sikhosana wodziwika kuti Demor. Atatuwa adaimbako kumbuyo kwa katswiri wa gitala Madala Kunene, kenako adayambitsa gulu lawo lotchedwa Shana, lomwe lidajambula nyimbo pansi pa kampani ya Melt 2000. Gululi silidawalemeretse, koma lidawaphunzitsa mmene malonda a nyimbo amayendera.

Mwayi waukulu udabwera mu 2003, pamene adasankhidwa kukachita nawo maphunziro a Red Bull Music Academy mumzinda wa Cape Town. Kumeneko kudasonkhana ma DJ ndi okonza nyimbo achinyamata ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo iye adali mmodzi mwa anthu awiri okha a ku South Africa omwe adasankhidwa. Zaka ziwiri zitadutsa, mu 2005, adatulutsa chimbale chake choyamba chotchedwa Black Coffee kudzera m'kampani yakeyake ya Soulistic Music.

Stimela ndi amuna a ku Theba

Nyimbo yomwe idachititsa anthu kutchera khutu pa chimbale choyambacho idali Stimela ya Hugh Masekela, yomwe Black Coffee adaikonzanso kuti ivinike m'kagundidwe ka house. Masekela, katswiri wa lipenga wobadwira ku Witbank, dera la migodi ya malasha, adatulutsa nyimboyi mu 1974 ali kunja kwa dziko lake pothawa ulamuliro watsankho. Imakamba za sitima yapamtunda yonyamula amuna kuchokera m'mayiko a kummwera ndi pakati pa Africa kupita nawo kumigodi ya golide ya ku Johannesburg, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe imawatchula.

Kwa anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, nkhani ya m'nyimboyi ndi ya pakhomo. M'midzi yambiri ya m'maboma awiriwa muli agogo omwe adapitako ku Joni kudzera m'bungwe la Wenela, lomwe pambuyo pake lidadziwika kuti Theba. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adaposa 100,000. M'chaka chomwecho cha 1974, pa 4 April, ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Ngoziyo idachititsa Dr Hastings Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Ulendowu udayambiranso mu 1977 n'kudzatheratu mu 1988, ndipo mpaka lero ena mwa amuna aja kapena amasiye awo akulondolabe ndalama zawo.

Nyimbo yolira yotereyi ndiyo Black Coffee adaitengera m'malo ovinira, osaichotsa ulemu wake. Achinyamata omwe sadaonepo komboni ya mgodi adaivina, ndipo poivina adamva mbiri ya makolo awo. Apa ndi pomwe njira yake idaonekera: kutenga mawu a akuluakulu a nyimbo a kwawo n'kuwaveka chovala chatsopano. Pa chimbale chachiwiri, Have Another One cha mu 2007, adachitanso chimodzimodzi ndi nyimbo za Busi Mhlongo ndi Victor Ntoni.

Kutchuka kwawo

Chimbale chachitatu, Home Brewed, chidatuluka mu 2009 ndipo chidamukhazika pamwamba m'dziko lake. M'menemo mudali Juju, yomwe adaimba ndi Zakes Bantwini, ndi Superman, yomwe adaimba ndi Bucie. Chaka chotsatira chimbalechi chidamupezetsa mphotho pa mpikisano wa South African Music Awards.

Mu 2010 momwemo adaimba kwa maola 60 pa Maponya Mall ku Soweto, pofuna kudziwitsa anthu za bungwe lake lothandiza anthu a ulumali ndi osowa. Mu 2011 adachita chinthu chomwe chidali chachilendo kwa DJ wa mu Africa: adaimirira pamakina ake m'bwalo lamasewero la Moses Mabhida ku Durban pamodzi ndi gulu la oimba 24 a mavayolini ndi zida zina zotero. Zomwe zidajambulidwa usikuwo zidatuluka mu 2012 pa dzina lakuti Africa Rising. Ntchitoyi idatseka pakamwa anthu omwe ankati DJ ndi munthu wongodina mabatani, pakuti woti atsogolere oimba oterewa amayenera kudziwa nyimbo.

Pieces of Me cha mu 2015 chidabwera ndi We Dance Again, yomwe adaimba ndi Nakhane. M'chaka chomwecho adapata mphotho ya DJ wotumphuka kumene pa DJ Awards ku Ibiza, ndipo mu 2016 adakhala woimba woyamba wa ku South Africa kupata mphotho ya BET m'gawo la woimba wa mu Africa.

Ibiza, Grammy ndi New York

Ibiza ndi chilumba cha dziko la Spain pa nyanja ya Mediterranean, ndipo kwa ma DJ chili ngati likulu. Nyengo yotentha ya ku Ulaya ikafika, anthu zikwizikwi amakhamukirako kukavina, ndipo DJ yemwe wapatsidwa tsiku lakelake pa malo aakulu kumeneko amawerengedwa kuti wafika. Malo a Hï Ibiza atatsegulidwa mu 2017, usiku wa Loweruka udaperekedwa kwa Black Coffee, ndipo wakhala akuugwira kwa zaka zambiri. Mwayiwu waugwiritsanso ntchito poitana ma DJ ena a ku South Africa kuti akaimbe naye, zomwe zathandiza kuti mtundu wa nyimbo wotchedwa Afro house udziwike kutali.

Oimba a mayina akuluakulu adayamba kumufunafuna. Mu 2017 Drake wa ku Canada adatenga Superman n'kupangapo Get It Together, yomwe adaimba ndi Jorja Smith. Mu 2018 Black Coffee adatulutsa Drive pamodzi ndi DJ wa ku France David Guetta, ndipo mu 2022 adali mmodzi mwa oyang'anira ntchito yokonza chimbale cha Drake chotchedwa Honestly, Nevermind.

Chimbale chomwe chidamufikitsa pachimake ndi Subconsciously, chotuluka mu February 2021, momwe muli oimba monga Usher, Pharrell Williams ndi Msaki wa kwawo komweko. Pa 3 April 2022, mumzinda wa Las Vegas, chimbalechi chidapata Grammy. Oimba a mu Africa ambiri omwe adapatapo mphothoyi adaipata m'magawo opatulidwira nyimbo za m'mayiko akunja kwa America. Iye adapikisana ndi akatswiri a ku Ulaya ndi ku America m'gawo lawo lomwe n'kuwaposa. Pa 7 October 2023 adadzaza bwalo la Madison Square Garden ku New York, DJ woyamba wa ku South Africa kutsogolera phwando pamalopo.

Zovuta ndi zodzudzulidwa

Njira yake sidakhale yosalala ponse. Mu 2018 adakaimba mumzinda wa Tel Aviv ku Israel, ndipo adadzudzulidwa kwambiri kwawo ndi magulu oikira kumbuyo anthu a ku Palestine, kuphatikizapo chipani cha ANC, omwe ankati woimba wochokera m'dziko lomwe lidalawa tsankho sadayenere kutero. Iye adayankha kuti adapitako kukagwira ntchito ndipo iye si chipani chandale. Palinso okonda nyimbo zake zakale omwe amadandaula kuti pofuna msika wa ku Ulaya, zimbale zake za pambuyo pake zidachepa fungo la kumudzi.

Moyo woyendayenda nawo uli ndi mtengo wake. Mu January 2024 adavulala kwambiri mundege ali paulendo wopita ku Mar del Plata m'dziko la Argentina, moti adachitidwa opaleshoni. Atachira adabwereranso pamakina.

Ntchito ya DJ ku Malawi

Dziko la Malawi lili ndi mbiri yakeyake ndi ntchitoyi. Phwando la Lake of Stars lidayambitsidwa ndi Will Jameson wa ku Britain, yemwe atagwirako ntchito yodzipereka kuno adakatsegula usiku wa ma DJ mumzinda wa Liverpool n'kuutcha Chibuku Shake Shake, potengera dzina la mowa wa m'mapaketi womwe adaudziwira ku Malawi. Phwando loyamba lidachitikira ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay mu 2004, ndipo Andy Cato wa gulu la Groove Armada adaimbako. M'boma la Dowa, pa msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, phwando la Tumaini lomwe mlakatuli Menes La Plume adayambitsa mu 2014 lakhala likusonkhanitsa oimba, ovina ndi ma DJ a m'mayiko osiyanasiyana pamalo omwe kale adali ndende ya andale.

Komabe ma DJ ambiri a kuno sadziwika pa maphwando otere. Amapezeka Loweruka paukwati, ali ndi laputopu kapena fulashi, masipika obwereka ndi jenereta yodikirira magetsi akathima. M'dera la alimi a fodya, soya ndi mtedza monga Dowa ndi Ntchisi, ntchito yawo imatentha nyengo yokolola ikadutsa, pamene ndalama zili m'matumba ndipo maukwati achuluka. Pa perekaniperekani, DJ wodziwa kusankha nyimbo ndiye amadzutsa azakhali ndi amalume kuti akafupe, ndipo eni ukwati amadziwa kuti mbale ikadzaza, iye wathandizapo. Mvula ikagwa, ntchito imazilala.

Kusiyana kwa anyamatawa ndi Black Coffee sikuli pa zida zokha. Iye ali ndi nyimbo zakezake komanso kampani yomwe ndi mwini wa nyimbozo, kotero zimamubweretsera ndalama ngakhale tsiku lomwe sadaimbe. DJ woika nyimbo za ena amalipidwa usiku umodzi basi. Kuno kwathu, lamulo la umwini wa luso la mu 2016 limateteza wopeka ndi wokonza nyimbo, ndipo bungwe la Cosoma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo pagulu n'kuzigawa kwa eni ake. Wachinyamata yemwe waphunzira kukonza nyimbo pakompyuta n'kukazilembetsa amakhala kumbali yolandira.

Zoti akonzere nyimbozo sizikusowa. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi kwawo kwa mganda, chimtali ndi chisamba, magule omwe ng'oma zake zili ndi kagundidwe kosapezeka kwina. Nyimbo za Achewa zomwe Hugh Tracey adajambula m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku International Library of African Music pa Rhodes University ku South Africa, ndipo za oimba akale monga Allan Namoko ndi Daniel Kachamba zidakali m'makutu a anthu. Wofuna kutsata njira ya Stimela ayenera kupempha chilolezo kwa eni nyimbo kapena mabanja awo, ndipo pa ng'oma za gule wamkulu ayenera kuyamba wafunsa eni dambwe, pakuti si zonse zomveka pabwalo zili zoyenera kutengera kumalo omwera mowa.

Mbiri ya Black Coffee ikukhudzanso makolo a ana a ulumali. Mnyamata wa ku Ngangelizwe uja sadabisidwe m'nyumba ngozi itachitika. Adabwerera kusukulu, adapitiriza kuimba, ndipo adaloledwa kusankha maphunziro a nyimbo pa nthawi yomwe ambiri akadamuuza kuti zida zoimbira zimafuna manja awiri. Kuchokera pa chimbale choyamba cha mu 2005 kufika pa Grammy ya mu 2022 padadutsa zaka 17, ndipo kuchokera usiku wa ngozi ija padadutsa zaka 32.